Ndodo ya Tsanya Pakhomo la Ofesi

Amuna anga salowa m'nyumba ya munthu ali ndi chipewa kumutu, ndipo salowa ndi mtengo m'manja. Anawalera choncho. Kwathu kuno kwa Tengani ukafika pakhomo pa mnzako umatsamiritsa khasu, chikwanje kapena ndodo panja, n'kulowa chimanjamanja. Wolowa ndi mtengo ndiye kuti wabwera kudzamenya. Ine khalidwe limeneli ndinkalikonda, ndisaname. Ndi limene linandikopa ndili mtsikana, pamene anyamata anzawo ankabwera kuchokera kodula nzimbe ali matama okhaokha, wailesi paphewa, moni osapereka. Iwo ankati akapatsidwa ngakhale madzi akumwa, amaika kapu pansi n'kuwomba m'manja kaye. Lero ndikamaliganiza khalidwe lomwelo, mtima umachita kundiwawa.

Anavulala ndi ngolo. Tsikulo ankapita ndi thonje kumsika, ng'ombe zinadzidzimuka ndi lole pamsewu, ngolo n'kugubudukira m'khwawa, iwo pansi, katundu pamwamba. Chiuno chakumanzere chinaphwanyika. Kuchipatala anakhalako miyezi, ndipo atatuluka mwendo unali utafota, utafupikanso. Anadzisemera okha ndodo ya tsanya, yamphanda yolowa m'khwapa, n'kuikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga ndi kansanza ka chitenje changa. Popanda ndodoyo amatha kuimirira kanthawi kongokwana kupereka moni. Akagwira khoma amatha kuponda katatu kapena kanayi. Koma akatero, thukuta limangoti kamukamu, ndipo masiku awiri otsatira amakhala chigonere pamkeka, akubuula chapansipansi kuti ine ndisamve.

Patapita chaka kunabwera bungwe lina, sindilitchula dzina, lomwe linali ndi ofesi ku boma ku Nsanje. Linkalemba anthu olumala osatha kugwira ntchito n'kumawatumizira kandalama pa foni mwezi ndi mwezi. Amuna anga anawalemba. Sikanali kambiri ayi, koma ndi kamene kankatigulira mankhwala opha ululu, ndi kamene tinkapezera aganyu otilimira munda wa mapira pamene ine ndili kudimba. Popanda iko, munda umodzi umagonera, chifukwa ine ndili ndi manja awiri basi. Munda ukagonera kuno, ikafika miyezi ya njala umakapezeka uli m'madzi ofika m'chiuno kudambo, ukuzula nyika, timizu ta m'madzi todya pa njala, pakati pa ng'ona. Zimenezo ndinazichitapo, ndipo sindinkafuna kubwererako.

Ndiye tsiku lina kunabwera uthenga pa foni woti onse olandira akaonekere ku ofesi kuti akawaunikenso. Cholakwa choyamba chinali changa, ndivomere. Ndinachapa shati yawo yoyera, ndinabwereka simbi ya makala n'kusita jekete ya kutchalitchi, nsapato ndinazipaka mpaka kunyezimira. Nanga munthu amapita ku boma ndi nsanza? Titafika tinakhala pabenchi pansi pa mtengo wa nimu, ndipo ataitana dzina lawo, mlonda anati alowe mwiniwake yekha. Ndinawaona ndi maso angawa. Anafika pakhomo, anavula chipewa, anatsamiritsa ndodo kukhoma kunja, anagwira mphuthu ya chitseko, n'kulowa mutu uli chilili. Mukudziwa chimene ndinachita ine? Ndinamwetulira. Ndinati mumtima, taonani amuna anga, ngolo inawathyola koma ulemu sinauthyole. Chitsiru ine!

Mwezi wotsatira foni sinalire. Tinadikira, tinati mwina ndi netiweki. Kenaka kunabwera uthenga wina, waufupi: achotsedwa m'kaundula, chifukwa aoneka kuti amayenda popanda chothandizira, ndipo atha kugwira ntchito yopepuka.

Ndinapita ndekha ku boma, mkwiyo uli tho. Kalaliki amene ndinamupeza anali mtsikana, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, wa nkhope yachifundo ndithu. Anandisiya kuti ndilalate mpaka malovu kuuma, ndiye anati:

"Amayi, khalani pansi. Pali njira. Mutha kuchita apilo, komiti ikaonenso nkhani yawo."

"Ndiye lembani apiloyo pompano."

Analemba, ine n'kusaina. Ndili pafupi kutuluka anandiitananso.

"Koma pali lamulo limodzi. Apilo isanamvedwe, m'mabuku mwathu abambowo ndi munthu wotha kugwira ntchito. Ndiye tikawaitana kudzaonana ndi olemba ntchito, azibwera. Akajomba kawiri, apilo imatsekedwa."

Ndinamuyang'ana mwana uja. "Tabwerezani. Ife tikudandaula kuti munthu sangagwire ntchito, inu mukuti podikira yankho azibwera kudzafunsira ntchito?"

"Ndi mmene zilili, amayi."

"Anaziganiza ndani zimenezi? Ali ndi miyendo ingati?"

Anangoyang'ana pafomu. Ndinaona kuti iyenso sakudziwa amene anaziganiza, ndipo ndinatuluka.

Tsono ndikuuzeni ulendo wake, chifukwa papepala amangolemba kuti "azibwera" ngati boma lili kuseri kwa nkhokwe. Kuchokera kwathu kukafika pamsewu wa tala ndi mchenga wokhawokha. Ndinkawakweza pakaliyala ya njinga, mwendo wodwalawo uli lende, ndodo ataipingasa pamiyendo, ine n'kumakankha wapansi, chifukwa mumchenga simupalasika. Dzuwa la kuno mukulidziwa, silidikira kuti kuche bwino. Tikafika pamsewu, njinga tinkaisiya pagolosale ya msuweni wanga, n'kudikira minibasi. Kondakitala amalanda ndodo n'kuilowetsa pansi pa mipando pamodzi ndi matumba a makala, iwo n'kuwapanikiza pampando wa anthu atatu pokhala anayi. Galimoto ikagwa m'dzenje ndinkaona nsagwada zawo zikulimba. Munthu akawaponda mwendo wodwalawo, iwo ndi amene ankayamba kunena kuti pepani.

Ulendo woyamba anawaitanira ntchito ya ulonda. Wolemba ntchitoyo anali mwini chigayo, bambo wonenepa, makiyi ali gwedegwede m'chiuno. Ulendo uno ndinakakamira mpaka ndinaima pakhomo penipeni. Amuna anga, ngati kuti palibe chimene chinachitika, anavula chipewa, n'kutsamiritsa ndodo kukhoma. Ndinawanong'oneza kuti tengani ndodoyo, koma anachita ngati sanamve. Analowa chogwira khoma. Mwini chigayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka.

"Bambo, akuba akabwera muwathamangitsa ndi chiyani? Ndi pemphero?"

Amuna anga anaseka nawo. Zoona, anaseka, kuti bwanayo asachite manyazi ndi nthabwala yake. Bwanayo atatuluka ndinathamangira kwa kalaliki uja.

"Mwamva? Wanena yekha kuti sangathe. Lembani zimenezo, komiti ikaone."

Anandionetsa kaundula. Pa dzina lililonse panali timabokosi tiwiri tokha: wabwera, sanabwere. Panalibe pamene pangalembedwe kuti anawaseka. Anachonga poti wabwera, amuna anga n'kudinda chala.

Titafika kunyumba sindinadikire n'komwe kuti avule nsapato.

"Bambo, ndodo ija mumaisiyiranji panja? Simukuona kuti ndi imene yatiika m'mavutowa?"

"Mayi, ndilowe ndi mtengo pamaso pa akuluakulu ngati ndikukapha njoka?"

"Si mtengo umenewo, ndi mwendo wanu! Mwendo mumausiya pakhomo?"

"Nkhabe," anakana motero. Akakwiya amathawira ku Chisena cha amayi awo. "Anthu aja ndi ophunzira. Ali ndi maso. Aona okha kuti ndikuvutika."

"Maso awo ali pacholembera!"

Anatenga mlaza wawo n'kuyamba kuluka mkeka. Ndi mmene amathetsera mkangano, amangokusiya ukulankhula ndi nkhuku.

Ulendo wachiwiri unali wa utelala. Kunabwera mayi wina wa shopu yosoka, munthu wabwino, anabwera ndi makina ake opondaponda pa kabaza. Anawapempha kuti ayesere kuponda. Munthu wina aliyense akanati sindingathe. Koma amuna anga munthu akawapempha mwaulemu sadziwa kukana. Anakhala pampando, anaika phazi labwinolo, n'kuyamba kuponda. Makina aja amafuna chiuno chizigwedezeka, ndipo chiuno ndiye chophwanyikacho. Anaponda, anaponda, milomo ataluma, thukuta likudontha pansalu ya eni ake, mpaka mayi uja anawagwira dzanja yekha n'kuti, "Basi, bambo, basi, mudzipweteka." Kalaliki anachonga poti wabwera. Masiku atatu amuna anga sanadzuke, ndipo ngakhale kuchimbudzi ndinkachita kuwanyamula.

Maulendo ena sindingawafotokoze onse, ndi ofanana. Tsiku lina tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, wolemba ntchito osabwera, tinangodinda chala n'kubwerera. Tsiku lina ankafuna munthu wopakira matumba. Matumba! Tsiku lililonse lotere ine kudimba sindinapite, mbewu zinkapsa, ndipo mbuzi m'khola zinkachoka imodziimodzi kuti tipeze yokwerera minibasi.

Pabenchi paja tinazolowerana ndi bambo wina wa kwa Mlolo, wa dzanja limodzi, amenenso anali pa apilo. Iye ulendo wake unali woposa wathu, ankachita kuwoloka ndi bwato. Tsiku lina anandiuza kuti:

"Ine ndalekera pomwepa, mlongo. Anthuwa akufuna tifere panjira kuti nkhani ithe yokha."

Ndinamulimbikitsa ndi pakamwa, ndinati limbani mtima achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mumtima ndinkati, ulesi basi, ife sitingagonje choncho. Sitinamuonenso. Ndikamamukumbuka lero ndimachita manyazi, chifukwa pa tonse amene tinkakhala pabenchi paja wanzeru anali iyeyo.

Tinajomba kamodzi kokha. Foni inali itazima, ndinakaitchajitsa pagolosale, ndipo pamene ndinkaiyatsa uthenga unali woti tikafike dzulo lake. Kuyambira pamenepo ndinkagona ndi mantha, kudzuka ndi mantha. Kujomba kumodzi kotsalako kunali ngati mbale yomaliza ya ufa m'nyumba. Foni ndinkaimangirira pachitenje, ngakhale polima.

Ndiye mvula inabwera. Uthenga unafika khwawa lathu litadzaza, lomwe lija linagwetsa ngolo. Njinga inali yosatheka, matope ofika m'mawondo. Amuna anga anayang'ana kumwamba n'kuti:

"Mayi, lero tisapite. Mulungu akuona."

"Mulungu akuona, koma kaundula saona. Dzukani."

Ndinazungulira mudzi kupempha amuna anayi. Anamanga machila ndi mitengo iwiri ndi matumba, n'kuwanyamula. Pakhwawa madzi ankawafika anthuwo pachifuwa, machila atawakweza pamapewa, ine pambuyo ndodo ndi jekete ndili nazo pamutu. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera, ena ankafunsa ngati kwagwa zovuta, chifukwa kuno munthu wamkulu akanyamulidwa chotero ndiye kuti zinthu zaipa. Titawoloka ndinaona amuna anga atadziphimba kumaso ndi chipewa. Ankalira. Pamene ngolo inawaphwanya sanalire, koma tsiku limenelo analira, ndipo ndine ndinawaliritsa.

Tinafika ku ofesi tili chinyowere. Kalaliki anatiyang'ana n'kugwira pakamwa. "Iii, amayi, mwayesetsa." Wolemba ntchito sanabwere, naye anatsekeredwa ndi madzi. Mtsikanayo anachonga poti wabwera. Ndinasuzumira m'kaundulamo n'kuona mzere wathu uli wodzaza, pamene mizere ya anzathu inali mipata yokhayokha, ina atailemba mzere wofiira. Ndinanyada. Ndinati, komiti ikaona izi idziwa kuti ife si anthu amasewera.

Tsiku la apilo linadziwika mvula itatha, mapira akucha m'minda ya anzathu. Wathu unali thengo. Litatsala tsiku limodzi, masana ndinatenga jekete ndi nsapato n'kuzitsekera m'sutikesi, ndipo ndinawatulutsira shati yakumunda yong'ambika paphewa.

"Mawa muvala iyi. Ndipo mulowa ndi ndodo. Akakufunsani ngati mukumva kuwawa, munene kuti eya. Osati zija mumanena zoti tikuyesera."

Anaiyang'ana shatiyo nthawi yaitali. "Mukufuna ndikaoneke ngati wopemphetsa pamsika."

"Nanga tikupita kukatani? Si kukapempha?"

"Ndikhoza kupempha ndili munthu."

Pamenepo ndiye ndinanena mawu amene ndikanakonda ndikanawameza. Ndinati, "Ulemu wanuwo tidya? Chaka chonse ndakukankhani pa njinga ngati thumba la chimanga, mbuzi zatha, munda wagonera, inu mukusamala za ulemu. Mwamuna wosatha kudyetsa banja lake ulemu ndi wa chiyani?"

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anangoika mlaza pansi pang'onopang'ono n'kuti, "Chabwino, mayi. Ndamva." Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira, koma sindinabwerere kukapepesa. Ndinkaopa kuti ndikapepesa asintha maganizo.

A komiti anali atatu, atakhala kuseri kwa tebulo lalitali: bambo wachikulire wa imvi pakati, mayi wachitsikana kudzanja lake lamanja, ndi bambo wina woonda kumapeto, amene anali ndi kaundula uja patsogolo pake. Ulendo uno anandilola kulowa. Pakhomo amuna anga anavula chipewa, n'kuima. Ndinaona dzanja lawo likupita lokha kukhoma ndi ndodo. Ndinawatsina pamkono. Anapuma mozama, anabwezera ndodo m'khwapa, n'kulowa. Pansi panali pa simenti, ndipo ndodo ya tsanya ndi yolemera, inkangoti gu, gu, gu, chipinda chonse kumva. Iwo mutu unali pansi ngati munthu wogwidwa akuba nkhuku.

Anachita zonse zimene ndinawauza. Atafunsidwa ngati amamva kuwawa anati eya, usana ndi usiku. Atafunsidwa ngati amalima anati ayi, amalima ndi mayiwa. Bambo wa imvi anapempha kuti aone povulalapo. Amuna anga anayang'ana mayi wachitsikana uja, anayang'ana ine, n'kumasula lamba. Munthu amene ngakhale ana ake sanamuonepo ali chifuwa pamtunda anatsitsa buluku pamaso pa mwana wa eni ake, n'kuonetsa chiuno chopindikacho ndi mwendo wofota uja. Mayiyo anayang'ana kumbali. Bambo wa imvi anapukusa mutu n'kuti, "Pepani, bambo. Valani."

Ndinaona kuti zikuyenda. Ndinaziona pankhope zawo, ndikulumbira. Ndinayamba kale kuganiza za aganyu, za mbewu ya chaka chamawa. Bambo wa imvi anatseka faelo n'kuti:

"Tamva. Pitani bwino, tikuyankhani pa kalata."

Amuna anga anadzuka ndi ndodo. Ine ndinali nditatembenuka kale kuloza kukhomo. Ndiye ndinamva kuti kho, mtengo kugunda tebulo. Nditacheuka ndinapeza atatsamiritsa ndodo patebulo la akuluakuluwo, ataima paokha, atawerama pang'ono, manja onse awiri atawafumbata, akuwomba, akuthokoza m'Chisena.

"Takhuta. Takhuta, akuluakulu. Mwatimvera."

Munthu sungawombe m'manja ndi dzanja limodzi. Iwo sanaganize n'komwe, thupi linangochita zimene lakhala likuchita kuyambira ali mwana. Anawomba katatu, mwina kanayi, mwendo wabwinowo ukunjenjemera, kenaka anagwiranso ndodo yawo. Kanthawi kake kanali kochepa kwambiri. Bambo wa imvi anamwetulira, naye n'kuwomba pang'ono. Koma ine maso anga anali pa bambo woonda uja. Anayang'ana mapazi a amuna anga, anayang'ana ndodo ili payokha patebulo, n'kutola cholembera.

Panjira yonse yobwerera ndinkangoganiza za cholembera chija. Iwo ankaganiza kuti ndatopa. Pokankha njinga mumchenga anandiuza kuti, "Mkulu uja ndi munthu, mayi. Mwaona mmene anandipepesera?" Ndinangoti eya.

Kalata inafika patatha milungu ingapo, kudzera pagolosale ya msuweni wanga. Ndinaitsegulira pomwepo, nditatsamira njinga. Inali ya Chingerezi pamwamba, Chichewa m'munsi, ndipo ndinawerenga zonse ziwiri ngati kuti imodzi inena zosiyana. Apilo yakanidwa. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, kaundula akusonyeza kuti wodandaulayo wakhala akufika ku ofesi kuchokera kutali pafupifupi nthawi zonse zimene anaitanidwa, ngakhale nyengo ya mvula, zomwe zikutsimikiza kuti angathe kuyenda kupita kuntchito. Chachiwiri, pamaso pa komiti anaoneka ataima popanda chothandizira. Pansi pake analemba kuti chigamulochi n'chomaliza, n'kudinda chidindo.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, anthu akudutsa. Ndiye kuti machila aja, khwawa lija, misozi ya mwamuna wanga pansi pa chipewa, mbuzi zanga, zonsezo ndinkasonkhanitsa umboni woti atikanire. Tikanajomba akanatseka apilo. Sitinajombe, ndiye aikana chifukwa sitinajombe. Ndiuzeni inu ophunzira, khomo lake linali liti? Ndinafuna kukwera minibasi n'kukawang'ambira kalatayo pamaso, koma ndinalibe ya minibasi, ndipo mkwiyo womwewo unali utandithera. Ndinangotsala wotopa.

Ndinawapeza pakhonde akuluka mkeka. Anaona envulopu m'manja mwanga, anaonanso nkhope yanga. Iwo kuwerenga sadziwa kwenikweni, maso akhala ali anga chikwatirane.

"Akana?"

"Akana."

Anafunsa zala zili pamlaza. "Alemba chifukwa chake?"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, ndipo ine si munthu wosowa mawu, mudzi wonse ukudziwa. Ndikanawauza kuti ndi kuwomba m'manja kwanu kuja. Ndikanawauza kuti "takhuta" wanu uja ndi amene watidyera munda. Koma ndinayang'ana munthu uja, shati yong'ambika, mwendo wofota, amene ndinamuvula buluku pamaso pa anthu, ndipo ndinaona kuti chatsala mwa iye ndi chokhacho. Ndikamulanda chimenecho nditsala ndi chiyani pakhonde pano? Komanso chifukwa choyambacho chinali changa, ndipo sindinali wokonzeka kuchitchula.

"Sanalembe," ndinatero. "Angoti akana."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera.

"Ndimadziwa ine," anatero. "Tinawalowera ndi mtengo. Munthu wamkulu sangakuthandize utamulowera ndi mtengo, ndi nsanza pathupi. Anatipirira chabe tsiku lija, koma mumtima anadandaula."

Sananene kuti ndinakuuzani. Sananenepo mpaka lero, ndipo sadzanena. Koma ndikudziwa kuti amakhulupirira kuti ndine ndinawalakwitsa, ndipo anandikhululukira. Chikhululukiro chimenecho chimandilemera kuposa machila aja.

Chaka chimenecho ndinabwerera kudambo kukazula nyika. Kalatayo ili m'sutikesi, pansi pa jekete, ndipo ana ndinawaletsa kuti asadzawawerengere. Lamulungu lililonse timapita kutchalitchi pa njinga yomweyo. Kale ndodo ankaitsamiritsa pakhomo penipeni. Masiku ano amaisiya patali, pamtengo wa nimu uli kumsewu, kuti pasapezeke wina wodandaula. Amavula chipewa, amagwira phewa langa, ndipo timayenda kamtunda konseko pang'onopang'ono, zala zawo zikundiboola m'fupa ndi ululu. Ine, wa pakamwa ine, sindinena kanthu.